Akudziwa bwanji mmene kunkazizirira zaka 20,000 zapitazo? Yankho lili m'matope

Pa phiri la Kenya, mbali ya kumpoto chakum'mawa, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,080, pali kanyanja kotchedwa Rutundu. Ndi kakang'ono ndithu, kali m'chibowo cha volokano yomwe inazima kalekale, ndipo alendo ambiri amangopitako kukawedza. Koma mu 2017 gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Shannon Loomis ndi James Russell a ku Brown University linatulutsa zomwe linapeza m'matope a pansi pa kanyanjaka, matope a zaka 25,000, nkunena kuti pachimake pa nyengo ya ayezi malo amenewa ankazizira ndi madigiri 5.5 kuposa pano. Osangoti "kunkazizira kwambiri" ayi, anatchula nambala mpaka ya pambuyo pa dontho. Nde munthu umadabwa kuti nthawi imeneyo kunalibe choyezera kutentha, kunalibe wolemba, kunalibe a zanyengo, nanga iwowa 5.5 akuitenga kuti?

Tiyambe ndi nyengo ya ayeziyo kaye. Sinali imodzi, zakhala zikubwera nkumapita kambirimbiri, ndipo m'zaka 800,000 zapitazi imabwera pafupifupi pa zaka 100,000 zilizonse, chifukwa njira yomwe dziko limadutsa pozungulira dzuwa komanso kupendekeka kwake zimasintha pang'onopang'ono, zija anawerengetsera Milutin Milankovitch wa ku Serbia. Yomalizayi inafika pachimake pakati pa zaka 26,000 ndi 19,000 zapitazo. Canada pafupifupi yense anali pansi pa ayezi wokhuthala makilomita awiri kapena atatu, Scandinavia chimodzimodzi, Scotland nayo inali pansi pa ayezi. Madzi ambiri atatsekeredwa mu ayezi choncho, nyanja zamchere zinatsika ndi mamita pafupifupi 120 moti munthu akanatha kuyenda wapansi kuchoka ku Siberia kukafika ku Alaska. Dziko lonse ukaliphatikiza linali lozizira ndi madigiri pafupifupi 6.

Za kumpotozo sizivuta kwenikweni, ayezi anasiya zizindikiro paliponse. Povuta mpakuno kotentha, kufupi ndi ikweta. Kunoko kunazizira bwanji? Apa mpomwe panabuka mkangano womwe unatenga zaka makumi anayi.

Cha m'ma 1970 kunali pulojekiti yaikulu yotchedwa CLIMAP, anatenga matope a pansi pa nyanja zamchere nkuwerenga tizigoba ta tizamoyo ta m'madzi, ndipo zotsatira zawo za mu 1976 ndi 1981 zinati madzi a m'madera otentha anangozizira ndi digiri imodzi kapena awiri basi. Koma anthu okwera mapiri ankaona zina. Ayezi akamatsetsereka m'chigwa amakankha miyala ndi dothi nkuzisiya mulu pomwe wathera, nde milu imeneyi ilipo mpaka lero pa Kilimanjaro, pa phiri la Kenya, ku Rwenzori m'malire a Uganda ndi Congo, ku mapiri a Bale ku Ethiopia, ku Andes, ku New Guinea. Ukaiyeza ikuonetsa kuti malire a chipale anatsika ndi mamita pafupifupi 900 mpaka 1,000, ndipo kuti zimenezo zitheke pamafunika kuzizira kwa madigiri 5 kapena 6. Mu 1985 David Rind ndi Dorothy Peteet analemba mosapsatira kuti ziwirizi sizikugwirizana. Kaya a m'nyanja analakwitsa, kaya a m'mapiri anakokomeza, kaya mpweya wa pakati pa nyanja ndi nsonga ya phiri unkachita zinthu mosiyana ndi lero.

Vuto la milu ya miyala ija ndi loti imangokuuza za nthawi imodzi, pomwe ayezi anafika patali kwambiri, komanso ayezi amakula pa zifukwa ziwiri, kuzizira ndi kuchuluka kwa chipale chogwa, nde sungasiyanitse bwinobwino. Pankafunika china chomwe chinkasunga mbiri chaka ndi chaka osadukiza. Nchifukwa chake anthu anatembenukira ku tinyanja ta m'mapiri.

Nyanja ndi dzenje, chilichonse chogweramo chimakathera pansi. Fumbi, mungu wa maluwa, masamba, timakala ta moto wolusa, tizilombo takufa, ndere, phulusa la volokano, zonse zimamira nkukhazikika, za chaka chino pamwamba pa za chaka chatha. Ngati pansipo palibe mpweya wa okosijeni ndiye bwino kwambiri chifukwa palibe nyongolotsi zovundula matope ndipo zinthu siziola msanga. Matopewa amakwera mochedwa zedi, nyanja zambiri safika olo milimita imodzi pachaka, ndiye kuti mita imodzi ya matope ikhoza kukhala zaka 1,000, pena 3,000, pena kuposa apo. Kanyanja ka m'phiri kali ndi ubwino wina woti madzi ake amachokera pafupi pomwepo, sikalandira zinyalala za mitsinje yochokera kutali, nde zomwe wapezamo ukudziwa kuti zikunena za pamtunda umenewo.

Koma pali kamsampha kamene anthu ambiri sakaganizira. Tinyanja tambiri tokongola ta m'zigwa za m'mapiri tinakumbidwa ndi ayezi yemweyo, kapena tinatsekedwa ndi mulu wa miyala womwe ayezi anasiya. Ndiye kuti nthawi yozizira kwambiri ija kanyanjako kunalibe, pamalopo panali ayezi. Garba Guracha ku mapiri a Bale, pamtunda wa mamita 3,950, matope ake amayambira zaka pafupifupi 16,000 zapitazo, pansi pake ndi miyala ndi mchenga wa ayezi basi. Zimenezo zili ndi phindu lake, zimakuuza nthawi yomwe ayezi anachoka m'chigwamo, koma za pachimake penipeni sizikuuza kanthu. Ukafuna pachimake uyenera kupeza nyanja yomwe ili pamwamba koma ayezi sanaifike, ndipo kawirikawiri zimakhala za m'zibowo za volokano. Rutundu ndi choncho. Sacred Lake, pa phiri lomwelo la Kenya koma mmunsi pa mamita 2,350, matope ake amafika zaka zoposa 100,000. Challa, mmunsi mwa Kilimanjaro m'malire a Kenya ndi Tanzania, anaiboola mu 2016 nkutulutsa matope opitirira mamita 200. Kufupi ndi kwathu kuno kuli Masoko, ku mapiri a Rungwe ku Tanzania, kungodutsa Songwe pang'ono, ya zaka zoposa 40,000.

Katulutsidwe ka matopewo nkosavuta kukafotokoza koma ntchito yake ndi yakalavulagaga. Amamanga kathandala pa mabwato awiri opopa, kukaimika pakati pa nyanja ndi zingwe, kenako kutsitsa paipi yachitsulo yokhala ndi pisitoni mkati. Paipi ikamalowa m'matope pisitoni imatsala pamalo amodzi nde matope amalowa osaphwanyika. Amatulutsa mita imodzi, kutsitsanso pabowo lomwelo, mita ina, choncho mpaka paipi itakana. Chida chimenechi anachikonza mu 1955 ndi Daniel Livingstone, osati David wa mishoni uja ayi, uyu anali wa ku Duke University ku America, ndipo iye yemweyo anakwera nacho ku Rwenzori nkutulutsa imodzi mwa mbiri zoyambirira za mungu wa m'mapiri a mu Africa mu 1967. Katundu yense ameneyu amakwera phiri pamutu ndi pamsana pa anthu a m'midzi ya mmunsi mwa phirilo, ndipo maina awo sumawapeza pamwamba pa malipoti, ine zimenezo zimandinyansa ndithu koma ndi nkhani ina.

Ku labu amaing'amba paipi pakati mulitali, theka nkusunga mufiriji, theka nkugwiritsa ntchito. Funso loyamba asanayambe china chilichonse ndi zaka. Popanda zaka matope ndi matope basi.

Njira yodziwika ndi ya kaboni 14, yomwe Willard Libby anatulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 nkulandira nayo mphoto ya Nobel mu 1960. Chamoyo chilichonse chimatenga kaboni 14 pang'ono kuchokera mumpweya, chikafa chimasiya kutenga, ndipo yemwe ali kale mkatimo amatha theka pa zaka 5,730 zilizonse. Ukayeza wotsala wadziwa kuti chinafa liti. Nde amasefa matope kufunafuna katsamba, kambewu, kakala. Amakonda za kumtunda osati za m'madzi, chifukwa zomera za m'madzi nthawi zina zimamwa kaboni wakalekale wosungunuka m'miyala ya laimu kapena wotuluka pansi pa volokano, nde chinthu chofa dzulo chimaoneka ngati cha zaka mazanamazana. Komanso kaboni 14 wa mumpweya sanali wofanana nthawi zonse, ndiye zaka za kaboni zimafunika kuziwongola. Powongolapo kanathandiza kwambiri ndi kanyanja ka Suigetsu ku Japan, komwe matope ake ali ndi mizere yooneka, woyera ndi wakuda chaka chilichonse, moti anthu anakhala pansi nkuwerenga mizere masauzande makumimakumi, nkuyeza masamba mazana ambiri opezeka pakati pa mizereyo, zotsatira zinatuluka mu 2012 ndipo zimafika zaka zoposa 50,000. Kupitirira pamenepo kaboni 14 watha mphamvu, pamafunika njira zina, monga phulusa la volokano yomwe zaka zake zikudziwika kale, kapena nthawi zomwe maginito a dziko anatembenuka.

Zaka zikadziwika, umboni wakale kwambiri pa ntchitoyi ndi mungu. Lennart von Post wa ku Sweden ndi amene anaonetsa njirayi mu 1916. Khungu la kambewu ka mungu ndi lolimba modabwitsa, amathira matope asidi woopsa wosungunula mchenga koma mungu umatsala, ndipo mtundu uliwonse wa chomera uli ndi kaonekedwe kake pa maikulosikopu. Munthu amakhala pampando kuwerenga timbewu 300 kapena 500 pa kachidutswa kamodzi ka matope, kenako kachidutswa kena, mpaka mazana a tizidutswa, zaka zimatha ndithu munthu ali pa paipi imodzi.

Chomwe chimapangitsa mapiri kukhala abwino pa mungu nchoti zomera zimakhala m'magawo malinga ndi kutalika. Aliyense amene anakwerako Mulanje akudziwa, mmunsi mitengo ya m'thengo wamba, kenako nkhalango yowirira m'makwawa, pamwamba udzu ndi mkungudza, kukafika ku Sapitwa miyala yokhayokha. Kukazizira magawo onsewa amatsika, kukatentha amakwera. Nde kanyanja kokhala pamalo amodzi kamaona magawowa akudutsa. Ku Sacred Lake lero kuli nkhalango yowirira mbali zonse, koma Johanna Coetzee wa ku South Africa atawerenga mungu wake cha m'ma 1960 anapeza kuti nthawi ya ayezi kunali udzu ndi tizitsamba ta pamwamba pa phiri, mitengo yochepa kwambiri.

Mbiri yaitali kwambiri ya mtundu umenewu ili ku Colombia. Mzinda wa Bogotá wakhala pa chigwa chathyathyathya pamtunda wa mamita pafupifupi 2,550, ndipo chigwacho chinali nyanja kwa zaka mamiliyoni. Thomas van der Hammen ndi Henry Hooghiemstra, a ku Netherlands onse, anagwira ntchito pa matope oboola ku Funza, mamita mazana asanu ndi kuposa, mungu wa zaka zoposa 2 miliyoni. Mmenemo nkhalango imaoneka ikukwera ndi kutsika maulendo ambirimbiri, malire ake omwe lero ali cha pa mamita 3,200 ankatsika mpaka cha pa 2,000 nthawi yozizira, ndipo ukasandutsa mamita amenewo kukhala madigiri umapeza kuzizira kwa pafupifupi 8. Mumaonekanso nthawi yomwe mitengo yachilendo inafika kuchokera kumpoto, alder zaka pafupifupi 1 miliyoni zapitazo, oak zaka pafupifupi 430,000, zinthu zoti sukanazidziwa mwa njira ina iliyonse.

Nde mpaka apa mungu ukugwirizana ndi milu ya miyala, kumapiri kunazizira kwambiri. Koma mu 1997 Alayne Street-Perrott ndi anzake anabwera ndi mfundo yomwe inasokoneza zinthu. Thovu la mpweya lotsekeredwa mu ayezi wa ku Antarctica likuonetsa kuti nthawi ya ayezi mpweya wa carbon dioxide unali cha pa magawo 185 pa miliyoni, pomwe mafakitale asanayambe unali 280, pano wadutsa 420. Mitengo imadya mpweya umenewu, ukachepa imavutika, ndipo pamwamba pa phiri pomwe mpweya ndi wopepuka kale imavutika koposa. Pomwe mitundu ina ya udzu, ya gulu limodzi ndi chimanga ndi mapira, ili ndi njira yake yokokera carbon dioxide olo akhale wochepa. Atayeza mtundu wa kaboni m'matope a Sacred Lake ndi a Kimilili pa phiri la Elgon anapeza chizindikiro cha zomera za gulu limeneli chitachuluka nthawi ya ayezi. Ndiye kuti nkhalango inabwerera mmbuyo osati chifukwa cha kuzizira kokha, njala ya mpweya ndi kuuma zinathandiziranso. Amene ankawerenga madigiri kuchokera ku mungu wokha ayenera kuti ankaonjeza.

Apa mpomwe ine ndimaikondera sayansi imeneyi. Palibe umboni umodzi womwe uli wangwiro, uliwonse uli ndi pomwe umanama, nde ntchito yeniyeni ndi kupeza wina womwe umanama mosiyana ndi woyambawo nkuona ngati akumana.

Wina mwa maumboni otere ndi tizilombo. Anthu a kunyanja amazidziwa nkhungu, zija zimatuluka m'madzi ngati utsi. Zili ndi abale ake otchedwa chironomid, omwe mphutsi zake zimakhala m'matope pansi pa nyanja, ndipo zikamafundula timitu take tolimba timatsala mmenemo kwa zaka masauzande. Mitundu ina imakonda madzi ozizira, ina ofunda. Hilde Eggermont ndi Dirk Verschuren a ku Ghent ku Belgium anayenda m'tinyanja tambiri ta kum'mawa kwa Africa, kuyambira mmunsi mpaka pamwamba pa Rwenzori ndi phiri la Kenya, kulemba kuti mtundu uti umapezeka pa kutentha kotani. Ukakhala ndi mndandanda umenewo, timitu ta m'matope akale timasanduka madigiri. Palinso tindere ta khungu lagalasi totchedwa diatom, timeneti timanena zambiri za madzi, ngati anali akuya kapena osaya, amchere kapena ayi, ndipo Françoise Gasse wa ku France anathera moyo wake pa timeneti m'nyanja za mu Africa.

Koma chomwe chinapereka 5.5 uja ndi mafuta a mabakiteriya. Mukudziwa mmene mafuta ena ophikira amagwirira m'botolo mwezi wa June ku Dedza, pomwe ku Nsanje ali madzimadzi chaka chonse. Khungu la bakiteriya ndi lamafuta, ndipo likagwirana kapena likasungunuka kwambiri bakiteriyayo wafa, nde amasintha kapangidwe ka mafuta akewo malinga ndi kutentha kwa pomwe akukhala, kukazizira amaonjezera tinthambi pa molekyu iliyonse, kukatentha amachepetsa. Mafuta amenewa, asayansi amangowatchula kuti GDGT, saola msanga, amakhala m'matope zaka masauzande ambirimbiri. Loomis anayamba watenga matope a pamwamba m'nyanja zoposa 100 za kum'mawa kwa Africa zomwe kutentha kwake kukudziwika, nkupeza masamu olumikiza tinthambi tija ndi madigiri, kenako nkugwiritsa masamu omwewo pa matope akale a Rutundu. Ubwino wake ngwoti bakiteriya wa m'madzi alibe nazo ntchito zoti mitengo ikusowa carbon dioxide.

Nde yankho linatuluka 5.5, pafupi kwambiri ndi zomwe milu ya miyala inkanena kuyambira kale. Koma nkhani yeniyeni inali poyerekeza ndi nyanja za mmunsi. Tanganyika ndi nyanja ya Malawi zinayezedwa kale ndi njira yofanana nayo, ya mafuta a tizamoyo tina ta m'madzi, ndipo zinaonetsa kuzizira kocheperapo, ya Malawi pakati pa madigiri 2 ndi 3.5 malinga ndi mmene wawerengera. Ndiye kuti ukamakwera, kusiyana kwa lero ndi nthawi ya ayezi kumakula. Lero kuderali ukakwera kilomita imodzi kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 5.8, nthawi ya ayezi kunkatsika ndi 6.7. Zikuoneka zochepa koma pa makilomita anayi kapena asanu ndi madigiri angapo ndithu.

Chifukwa chake ndi chinyezi. Mpweya ukamakwera umafutukuka nkuzizira, wouma umazizira ndi madigiri pafupifupi 10 pa kilomita. Koma wachinyezi ukamakwera nthunzi imasanduka mitambo, ndipo posandukapo imatulutsa kutentha, nde mpweyawo suzizira msanga. Nthawi ya ayezi nyanja zamchere zinali zozizirirapo, nthunzi yochepa, mpweya wouma, basi mapiri anazizira kuposa zigwa. Choncho a CLIMAP anachepetsa ndithu, kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti madzi a m'madera otentha anazizira kuposa mmene iwo ananenera, koma a m'mapiri nawonso sankanena za dziko lonse, ankanena za pamwamba pomwe anaimapo.

Za kuumako umboni wake ndi wochuluka. Nyanja ya Victoria, yaikulu kuposa zonse mu Africa, inaumiratu kumapeto kwa nyengo ya ayezi, Thomas Johnson ndi anzake anapeza dothi louma lokhala ndi mizu ya udzu pansi pa matope a pakati pa nyanjayo, ndipo inadzazanso zaka pafupifupi 15,000 zapitazo.

Nyanja yathu ya Malawi si kanyanja ka m'phiri, ili m'chigwa chachikulu chong'ambika pakati pa mapiri a Nyika, Viphya ndi Livingstone, koma pa nkhani ya matope ndi imodzi mwa zofunika kwambiri padziko lonse ndipo ambirife sitidziwa. Kupitirira mamita 200 ndi kanthu kupita pansi mulibe okosijeni, nde matope ake amakhala osavundulidwa. Mu 2005 gulu la Christopher Scholz, Thomas Johnson, Andrew Cohen ndi ena linaika makina oboolera pa chombo chonyamula katundu cha Viphya, nkuima pamalo pomwe madzi ndi akuya mamita 592, nkuboola mamita ena 380 m'matope. Pansi penipeni pa bowolo panali matope a zaka pafupifupi 1.3 miliyoni, mukawerengetsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita pachaka. Matopewo anapita nawo ku America, amasungidwa mozizira ku University of Minnesota.

Zomwe anapeza zinadabwitsa anthu. Aliyense ankayembekeza kuti chilala chachikulu chikhala cha pachimake pa ayezi zaka 20,000 zapitazo, koma nthawi imeneyo nyanja inangotsika ndi mamita pafupifupi 100. Chilala choopsa chinali cha pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo, pomwe nyanja yakuya mamita 700 inatsika ndi mamita 500 mpaka 600 nkutaya madzi okwana 95 pa 100 alionse, kutsala chithaphwi chamchere chozunguliridwa ndi dziko louma ngati chipululu, mungu wochepa, makala ochepa chifukwa kunalibe olo udzu wokwanira woti upse. Ndiye kuti kuno mvula simangotsatira ayezi wa kumpoto, imatsatiranso kusintha kwa mphamvu ya dzuwa pa madera otentha komwe kumazungulira pa zaka pafupifupi 21,000. Mbuna, chambo, utaka ndi abale awo onse mazanamazana aja anadutsa m'kuphwa ndi kudzaza kumeneku kambirimbiri, ndipo ofufuza za nsomba amaona kuti zimenezi zili ndi gawo pa kuchuluka kwa mitundu yake. Mungu wa m'matope omwewo umaonetsanso nthawi zina mitengo ya m'nkhalango za m'mapiri itatsika mpaka kufupi ndi gombe.

M'matope omwewa munapezekanso chinthu china. Volokano ya Toba ku Sumatra inaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo, kuphulika kwakukulu kuposa kwina kulikonse m'zaka 2 miliyoni zapitazi, ndipo panali maganizo otchuka oti kunabweretsa chisanu cha zaka zambiri chomwe chinatsala pang'ono kumaliza mtundu wa anthu. Mu 2013 Christine Lane ndi anzake anapeza timagalasi ta phulusa la Toba m'matope a nyanja ya Malawi, tosaoneka ndi maso, titauluka makilomita oposa 7,000. Atayang'ana matope a pansi ndi a pamwamba pa mzere umenewo sanapeze kuzizira kwakukulu kulikonse. Komanso phulusalo linathandiza kukonza zaka za paipi yonseyo, chifukwa zaka za kuphulika kwa Toba zinali zodziwika kale ndi njira ina.

Pa Nyika napo panachitika zofanana koma zazing'ono. Kunali kukhulupirira koti udzu wa pamwamba paja ndi chipsera cha anthu otentha nkhalango posachedwapa, koma Michael Meadows atatenga matope a m'madambo a kumeneko nkuwerenga mungu, mu 1984 anaonetsa kuti udzu wakhala wochuluka pamenepo kwa zaka pafupifupi 12,000. Nkhani ngati imeneyi imakhudza ngakhale mfundo zoti tidzale mitengo pati, chifukwa si malo alionse opanda mitengo omwe anali nkhalango.

Ndipo musaganize kuti mapiri ozizirawo munalibe anthu. Ku Bale komwe kuja, pa phanga la Fincha Habera pamtunda wa mamita pafupifupi 3,470, ofukula zakale analengeza mu 2019 kuti anthu ankakhalapo pakati pa zaka 47,000 ndi 31,000 zapitazo, ayezi ali m'zigwa zapafupi, akumwa madzi osungunuka, akuwotcha nyama ya mafuko akuluakulu a kumeneko, aja okumba pansi, nkumasema zida ndi mwala wagalasi wa volokano.

Pomwe nkhaniyi ikutikhudza lero mposavuta kuona. Ngati kuzizira kunakula ndi kutalika kwa phiri, kutentha nakonso kuyenera kutero, mapiri atentha msanga kuposa zigwa. Kilimanjaro wataya ayezi woposa 80 pa 100 alionse kuyambira 1912, wa pa phiri la Kenya ndi Rwenzori watsala tizigamba. Zomera ndi nyama za pamwamba zikamathawa kutentha zimakwera, ndipo phiri lili ndi pothera. Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri mu lipoti la 2017 lija nchoti anatenga mapulogalamu a pakompyuta omwe amalosera nyengo ya mtsogolo, nkuwapatsa dziko la zaka 21,000 zapitazo, ayezi wake, carbon dioxide wake, kuti aone ngati atulutsa zomwe matope akunena. Mbali yake anaipeza, mapiri anazizira kuposa zigwa, koma kukula kwa kusiyanako anakuchepetsa. Nde ngati akuchepetsa poyang'ana mmbuyo pomwe yankho tili nalo, mpomveka kukayika kuti akuchepetsanso poyang'ana kutsogolo pa malo ngati Rwenzori, Bale kapena Mulanje.

Izi sizikutanthauza kuti 5.5 ndi nambala yosagwedezeka. Masamu a mafuta aja ali ndi mpata wolakwika wa madigiri pafupifupi awiri pa nyanja imodzi, mabakiteriya opanga mafutawo ambiri sanadziwike bwinobwino, ndipo nyanja ikasintha kuya kapena mchere mafutawo amathanso kusintha popanda kutentha kusintha. Nchifukwa chake magulu ena akubwerezabe ntchitoyi m'tinyanja ta Rwenzori, Bale ndi Andes, ndipo ena akuyeza zaka za milu ya miyala ija mwachindunji pogwiritsa ntchito beryllium 10 yemwe amapangika pamwamba pa mwala ukakhala pamtetete. Ku Rwenzori njira imeneyi yaonetsa kuti ayezi anafika patali zaka zoposa 20,000 zapitazo nkuyamba kubwerera cha pa zaka 20,000 mpaka 19,000, carbon dioxide asanayambe kukwera kwenikweni, ndipo chomwe chinayambitsa kubwerera msanga kumeneko akukanganabe mpaka pano.